Phewa loguluka koyamba mwa goloboyi wa zaka 19: tinadikira, fupa n'kudyeka

Lipotili ndi la mnyamata amene ndinamuona tsiku lomwe phewa lake lamanja linaguluka koyamba, n'kudzamuchita opaleshoni patatha miyezi 10. Dzina ndi zina zomuzindikiritsa ndazichotsa. Aliyense amene amabweza mapewa oguluka amakumana ndi funso loti tichite opaleshoni kapena tidikire. Pa mnyamatayu funsolo ndinaliyankha theka, theka linalo n'kulisiya m'malere, ndipo n'chifukwa chake ndalemba nkhaniyi.

Tsiku loyamba

Ndi goloboyi wa timu ya achinyamata, wazaka 19, ndipo dzanja lomwe amaponyera mpira ndi lamanja lomwelo. Phewa anali asanavulalepo chibadwire, sadwala khunyu, samwa mankhwala aliwonse. Anadumphira mpira wopita pakona yam'mwamba, mkono uli m'mwamba utatembenukira kunja, ndipo wosewera wa timu ina anaugunda n'kuukankhira kumbuyo. Akuti anangomva china chake chikusuntha m'phewa, mkono n'kufa pomwepo.

Anafika patatha ola limodzi ndi theka, atagwirizira chigongono ndi dzanja lamanzere, thupi lonse litapendekera kumanja. Amene analionapo phewa loguluka salisowa. Limasiya kuzungulira, limakhala lakona, nsonga ya fupa la pamwamba pa phewa (acromion) ili tong'o, ndipo pansi pake pamakhala dzenje loti chala chimalowa. Mutu wa fupa la mkono ndinaukhudza kutsogolo, pansi pa fupa la coracoid, kafupa kotulukira kutsogolo kwa phewa. Mapewa ambiri amagulukira komweko: pa 100 alionse, pafupifupi 95 amapita kutsogolo.

Ndisanakoke chilichonse ndinayeza mitsempha. Ndinamusisita ndi thonje kunja kwa phewa, pamwamba pa mnofu wa deltoid, pomwe munthu amamvera kudzera mu mtsempha wa axillary. Anamva chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Zala zinkapinda ndi kutambasuka, mtsempha wamagazi wa padzanja ukugunda bwino. Izi ndimazilemba phewa lisanabwezedwe, chifukwa dzanzi likadzapezeka pambuyo, palibe angadziwe ngati linabwera ndi ngoziyo kapena ndi manja athu.

X-ray yakutsogolo ndi yam'mbali zinatsimikiza kuti phewa lagulukira kutsogolo, popanda fupa lothyoka. Ndinabaya mamililita 20 a lidocaine (mankhwala ochititsa dzanzi) wa 1 peresenti m'mfundo momwemo n'kudikira mphindi 15. Kenako, iye ali chagada, ndinatembenuzira mkono kunja pang'onopang'ono n'kumaukweza mpaka pamwamba pa mutu, njira yomwe dokotala wina dzina lake Milch anafotokoza mu 1938, chala changa chachikulu chikukankha mutu wa fupa. Sindinalimbane nalo. Minofu itangolefuka linalowa lokha, ndipo nkhope ya mnyamatayo inamasuka nthawi yomweyo. Mitsempha inali bwino, X-ray yachiwiri inaonetsa fupa lili pamalo pake. Ndinamupatsa lamba wokolekera mkono ndi mankhwala opha ululu.

Zomwe MRI inaonetsa

Phewa ndi mfundo yomwe imayenda kuposa ina iliyonse m'thupi, ndipo pa mfundo zikuluzikulu ndi lomwenso limaguluka kwambiri. Mutu wa fupa la mkono ndi waukulu, pamene glenoid, malo omwe mutuwo umakhalapo, ndi kambale kakang'ono kosaya. Nthawi iliyonse, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu kapena anayi a mutuwo ndi lomwe limakhudza kambaleko. Chomwe chimakakuza ndi mkombero wa chicherewecherewe wotchedwa labrum, ndipo pa mkomberowo ndi pomwe pamangirira mitsempha yogwira phewa kutsogolo.

MRI (sikani yoonetsa minofu ndi mitsempha) ya tsiku la 12 inaonetsa kuti labrum yang'ambika n'kuchoka pa glenoid, kutsogolo chakumunsi. Bala limeneli limatchedwa Bankart, dzina la dokotala wa ku London amene analifotokoza mu 1923. Kumbuyo kwa mutu wa fupa kunali kachibowo kakang'ono, pomwe mutuwo unadinda m'mphepete mwa kambale poguluka. Kameneka ndi ka Hill-Sachs, kuchokera kwa madokotala awiri a X-ray a ku San Francisco omwe analemba za iko mu 1940. Minofu ya rotator cuff, yomwe imazungulira mfundoyo n'kugwira mutu wa fupa pamalo pake, inali yathunthu. Ndipo chinthu chomwe nkhani yonseyi yagonapo ndi ichi: fupa la glenoid linali losabenthuka ngakhale pang'ono.

Mfundo zake zina sizinali zolobodoka. Pa sikelo ya Beighton, yoyezera kulobodoka kwa mfundo, anapeza 2 pa 9.

Kukambirana

Anabwera ndi bambo ake. Ndinawaonetsa zithunzi, n'kufotokoza njira ziwiri. Yoyamba, kukoleka mkono kwa sabata ziwiri kapena zitatu, kenako mafizo, n'kubwerera m'bwalo mphamvu zikabwerera ndi mantha akatha. Yachiwiri, opaleshoni ya kamera yodzera m'timabowo, kusokerera labrum pamalo pake, kenako miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi osasewera.

Bambowo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Adokotala, phewalo mwalibweza kale, ndipo onani mkono akuyendetsa. Tim'ng'ambirenji mwana woti wachira?"

Mnyamatayo anayang'ana pansi. "Ababa, ndikachitidwa opaleshoni ndiye kuti sizoni yanga yathera pompa. Pagolo aikapo wina."

Ndinawauza kuti pa msinkhu wake, ndi masewera amene amachita, ine ndikanasankha opaleshoni. Atandifunsa chifukwa chake ndinati, "Bambo, likhoza kugulukanso." Mawu anga anali amenewo, ndipo ndidzabwereranso pa iwo.

Zomwe zinali m'mutu mwanga zinali zambiri kuposa zomwe zinatuluka pakamwa. Ku Edinburgh, Robinson ndi anzake anatsatira anthu 252 a zaka 15 mpaka 35 omwe sanachitidwe opaleshoni. Lipoti lawo la mu 2006 linaonetsa kuti pofika zaka ziwiri, pafupifupi 56 peresenti phewa linali litagulukanso kapena kuyamba kutereraterera, ndipo pofika zaka zisanu anali pafupifupi 67 peresenti. Amene anali pachiswe kwambiri anali anyamata achichepere. Ku Canada mu 1999, Kirkley anagawa mwamaere anthu 40 osakwana zaka 30: mwa omwe anangokoleka mkono ndi kuchita mafizo, 47 peresenti linagulukanso, pamene mwa ochitidwa opaleshoni anali 16 peresenti. Bottoni mu 2002 anachita zofanana pa asilikali achinyamata a ku America ndipo anapeza 75 peresenti ndi 11 peresenti. Ku Denmark, Jakobsen anatsatira anthu 76 kwa zaka 10, n'kupeza 62 peresenti ndi 9 peresenti. Magulu enawa ndi ang'onoang'ono, inde, koma onse akuloza kumodzi.

Komabe bambo aja sanali kulankhula zopanda mutu. Hovelius wa ku Sweden anayamba mu 1978 kutsatira mapewa 257 a anthu a zaka 12 mpaka 40, ndipo patatha zaka 25 anapezanso mapewa 229. Mwa amenewa, 43 peresenti anali asanagulukenso, ena anaguluka kangapo kenako n'kukhazikika okha, ndipo omwe anadzafika pochitidwa opaleshoni anali 27 peresenti. Tikati aliyense woguluka phewa koyamba timulowetse ku opaleshoni, ndiye kuti ambiri tawadula pachabe, ndipo opaleshoni nayo ili ndi zake: phewa kuuma, bala kulowa tizilombo, zosokera kuzuka, kusiya ntchito kapena sukulu kwa masabata. Munthu akamva zonsezi n'kusankha kudikira, sanalakwe.

Anasankha kudikira, ine ndinavomera.

Za kakolekedwe sitinataye nthawi. Hovelius yemweyo anapeza kuti kumanga mkono sabata zitatu kapena zinayi sikusiyana ndi kuumasula msanga. Itoi wa ku Japan analemba mu 2007 kuti kumanga mkono utatembenukira kunja kunatsitsa chiwerengero cha ogulukanso phewa kuchoka pa 42 kufika pa 26 peresenti, koma omwe anayesanso njirayi ku Norway ndi ku Canada sanapeze kusiyanako, ndipo chomangira chake n'chovuta kukhala nacho usana ndi usiku. Anakoleka mkono sabata ziwiri, n'kuyamba mafizo olimbitsa rotator cuff ndi minofu ya kumsana kwa phewa. Pa sabata ya 8 mkono unkafika paliponse, mphamvu zinali zofanana ndi kumanzere. Nditaukweza madigiri 90 n'kuutembenuzira kunja, poyeza ngati akuopa kuti lituluka, anakwinya nkhope pang'ono kumapeto kwenikweni, koma sanandigwire dzanja. Ndinamulola kubwerera ku maphunziro a timu. Pa khadi lake ndinalemba kuti abwere pakakhala vuto.

Miyezi yomwe sindinamuone

Anabwera patatha miyezi 9 chivulalireni. Nkhani yake inali iyi. Mwezi wachinayi phewa linaguluka m'bwalo, mnzake n'kumuponda m'khwapa n'kukoka mkono mpaka linalowa. Njira imeneyi ndi yakalekale, ya nthawi ya Hippocrates, ndipo imabwezadi phewa, koma imathanso kuvulaza mitsempha kapena kuthyola fupa. Anapuma sabata ziwiri n'kubwerera pagolo atamata phewa ndi tepi. Mwezi wachisanu ndi chimodzi linagulukanso m'bwalo. Mwezi wachisanu ndi chiwiri linaguluka ali mtulo, mkono ataupinda pansi pa pilo. Zitatero anaphunzira kulibweza yekha, akagwira bondo ndi manja onse n'kutsamira kumbuyo. Chomwe chinamubweretsa n'chakuti tsiku lina linatuluka akungovala jekete. Titawerenga bwinobwino, linali litaguluka kasanu ndi kamodzi, osawerengera kuterera kwa apo ndi apo.

Ndinamufunsa chifukwa chomwe sanabwerere litaguluka kachiwiri.

"Adokotala, paja munanena kuti likhoza kugulukanso. Ndiye litaguluka ndinangoti, ndi zija ananena adokotala zija."

Pomuyeza, sindinafikenso pa madigiri 90. Mkono uli pa madigiri 45 okha, nditangoyamba kuutembenuza, anandigwira dzanja n'kunena kuti lituluka. Mantha akamabwera mkono uli pansi chonchi, kawirikawiri vuto silikhalanso la labrum yokha, limakhala la fupa. Mitsempha inali bwino.

Sikani ya CT, yomwe imaonetsa bwino mafupa, inatsimikiza. Glenoid yabwino imaoneka ngati peyala, yopyapyala kumwamba, yotakata kumunsi. Yake inali itaphwa kutsogolo ngati kambale kobenthuka. Titajambula bwalo pa gawo lakumunsi n'kuyeza chomwe chikusowa, tinapeza pafupifupi 20 peresenti ya m'lifupi mwake. Panalibe chibenthu choti n'kuchibwezera. Fupalo linangoperepeseka pang'onopang'ono, ulendo uliwonse mutu ukamakwera m'mphepete potuluka ndi polowa. Kachibowo ka Hill-Sachs kaja nako kanali katakula ndi kuzama, moti mkono ukakwezedwa kankakola m'mphepete mwa glenoid.

Opaleshoni

Opaleshoni yomwe ndinamuuza miyezi 9 m'mbuyomo inali itachepa. Burkhart ndi De Beer analemba mu 2000 za mapewa 194 omwe anawasoka labrum ndi kamera: pomwe fupa linali losadyeka kwenikweni, 4 peresenti ndi omwe anagulukanso, koma pomwe linali litadyeka anali 67 peresenti. Kale tinkati malire ndi 25 peresenti ya glenoid. Kafukufuku wa mu 2015 anaonetsa kuti zotsatira zimayamba kuipa fupa likasowa ndi 13.5 peresenti yokha. Kwa goloboyi wosowa 20 peresenti, wokhalanso ndi Hill-Sachs yokola, kusoka labrum kokha kukanakhala kumunamiza.

Tinasankha Latarjet, njira yomwe Michel Latarjet wa ku Lyon anafotokoza mu 1954. Tinatsegula kutsogolo kwa phewa, kudula fupa la coracoid limodzi ndi mitsempha ya minofu yomwe imamangirira pa nsonga yake, kung'amba mnofu wa kutsogolo kwa phewa wotchedwa subscapularis motsata ulusi wake, n'kudutsitsa kafupako pakatipo. Tinakakhomera kutsogolo kwa glenoid chakumunsi ndi ma screw awiri. Kafupako kamabwezera m'lifupi mwa kambale, ndipo mitsempha ija imakhala ngati lamba wotchinga kutsogolo mkono ukakwera. Pomwe ndinataya nthawi yambiri ndi poyika kafupako kuti kafanane ndendende ndi nkhope ya glenoid. Kakatulukira kunja kamakhula mutu wa fupa n'kufulumizitsa nyamakazi, kakalowa kwambiri m'kati phewa limatulukabe.

M'mawa mwake anadandaula dzanzi kunja kwa mkono, kuyambira pachigongono kutsika. Kumeneko ndi kwa mtsempha wa musculocutaneous, womwe umalowa mu mnofu pafupi ndi coracoid ndipo umakokeka mosavuta pa opaleshoni imeneyi. Mnofu wa biceps unali ndi mphamvu zake, choncho tinangoyang'anira. Dzanzilo linatha pa sabata ya 7. Ndalitchula dala, chifukwa ndi limodzi mwa mavuto omwe kusoka labrum ndi kamera sikubweretsa kawirikawiri. Latarjet ndi opaleshoni yaikulu: mitsempha ili pafupi, kafupa kamatha osalumikizana, ma screw amatha kuthyoka kapena kufuna kudzachotsedwa.

Anakoleka mkono sabata zinayi. CT ya mwezi wachitatu inaonetsa kafupa katalumikizana. Anayamba kudumpha pa matiresi mwezi wachisanu, n'kusewera mpira wake woyamba mwezi wachisanu ndi chimodzi.

Pomwe panalakwika

Anzanga ena, titakambirana nkhaniyi, anati cholakwika chinali kusamuchita opaleshoni poyamba paja. Ine ndikuvomereza theka. Mnyamata wosakwana zaka 20, wosewera mpikisano, mkono ukukhalira m'mwamba ndi kugundidwa, labrum itang'ambika koma fupa lili lathunthu: ngati pali munthu woyenera opaleshoni phewa litangoguluka koyamba, ndi ameneyu. Ndikanakumana nayenso lero ndikanalimbikira kuposa mmene ndinachitira. Koma thupi ndi lake, ndipo anali ndi ufulu womaliza sizoni yake.

Changa chenicheni ndi mawu aja. "Likhoza kugulukanso" ndi mawu omwe munthu amawamva ngati a nyengo: mvula ikhoza kugwa, ikagwa yagwa, umangopukuta. Ndikanati, pa anyamata anayi ngati iwe, awiri kapena atatu limagulukanso, ambiri zaka ziwiri zisanathe, bambo aja akanakhala ndi chinthu chogwirika choti achilingalire. Ndipo sindinawauze chomwe chimatayika. Iwo ankaganiza kuti kugulukanso ndi ululu wa tsiku limodzi basi, opaleshoni ili pomwepo, adzaipeza akadzaifuna. Sankadziwa kuti opaleshoni yaing'onoyo ili ndi nthawi yake, ndi kuti ulendo uliwonse phewa likatuluka limatha kunyamulako fupa lomwe silimeranso.

Chachiwiri ndi chomwe ndinalemba pa khadi. "Abwere pakakhala vuto." Kwa mnyamata amene phewa lalowa, ululu watha ndipo Loweruka kuli mpira, vuto palibe. Kudikira kunayenera kukhala ndi pangano lake: likaguluka kachiwiri, kapena likangoterera, masewera aima tsiku lomwelo, tijambulanso, tikhalanso pansi. Ndinayeneranso kumupatsa tsiku lenileni lobwera pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi. Akanabwera pambuyo pa ulendo wachiwiri, ndikukhulupirira kuti fupa likanakhala likadali lokwanira kusoka labrum yokha.

Tisaikenso chikhulupiriro chonse pa mafizo. Amabweza mphamvu ndi kuyenda kwa mkono, ndipo n'ngofunika, koma sasokerera labrum. Kafukufuku wa ARTISAN ku UK, wa anthu 482, yemwe anatuluka mu 2024, anapeza kuti pakati pa omwe anangolandira uphungu kamodzi ndi omwe anawonjezera mafizo angapo, panalibe kusiyana kwenikweni pa miyezi 6. Pomwe ndinaona mnyamatayu ali ndi mphamvu zofanana mbali zonse pa sabata ya 8, mtima wanga unakhala pansi kuposa mmene unayenera. Kukwinya nkhope kuja kunali kundiuza kanthu.

Wina asatenge nkhaniyi n'kuipititsa kwa aliyense. Sabata yomwe ndinabweza phewa la goloboyiyu ndinabwezanso la mayi wa zaka 61 amene anaterera n'kugwera padzanja. Kwa iwo sindinatchule n'komwe za kusoka labrum, chifukwa pa msinkhu umenewo phewa siligulukagulukanso kawirikawiri. Nkhawa yanga inali pa rotator cuff, yomwe mwa anthu opitirira zaka 40 imang'ambika mosavuta phewa likaguluka, ndi pa mtsempha wa axillary. Pa sabata yachitatu ankakweza mkono okha, sikani inaonetsa minofu ili bwino, ndipo nkhani yawo inathera pa mafizo.

Patatha zaka ziwiri

Ndinamuona komaliza patatha zaka ziwiri chichitireni opaleshoni. Phewa silinagulukenso kapena kuterera. Akusewerabe pagolo. Mkono ukukwera mpaka kumapeto, koma potembenukira kunja ukuperewera ndi madigiri 10 poyerekeza ndi wamanzere, ndipo iye mwini akuti mpira woponya ndi dzanja safikitsa pomwe ankafikitsa kale. Akagonera kumanja nthawi yaitali amadzuka phewa likuwawa pang'ono. Nditaukweza madigiri 90 n'kuutembenuza, anangondiyang'ana osachita mantha.

X-ray ikuonetsa ma screw ali pamalo pake. Kumwamba kwa kafupa kaja kwasungunuka pang'ono, zomwe zimaoneka kawirikawiri pambuyo pa Latarjet, koma kumunsi komwe kumagwira ntchito kuli bwino. Nyamakazi sikuoneka. Hovelius anapeza kuti mapewa omwe anagulukaguluka ndi omwe amadzakhala ndi nyamakazi kwambiri pakatha zaka 25, ndipo mnyamatayu ali ndi zaka 22 zokha, choncho ndinamuuza zimenezo mosabisa, bambo ake ali pomwepo. Abweranso pakatha zaka ziwiri, kapena msanga phewa likayamba kulira kapena kuuma m'mawa. Tsiku lake ndinalilemba ndekha pa khadi, iye akuona.